Kodi mumadziwa? Mabuku atsopano ndi njira zimene amadzera

Buku latsopano limanunkhira. Amene munadutsa ku pulayimale kalelo mukukumbukira tsiku limene aphunzitsi ankalowa ndi katoni ya mabuku, n'kutiuza kuti tikayambe tawakuta ndi pepala la khaki kapena nyuzipepala. Ine mpaka lero ndikagwira buku longotuluka kumene ndimayamba ndalinunkhiza, kenako ndimatsegula kuseri kwa tsamba la mutu kuti ndione kumene lasindikizidwa ndi chaka chake. Timalemba ting'onoting'ono ta pamenepo timaulula zambiri: amene wanena nkhaniyo, chiyankhulo chimene wainenera, ndi zaka zimene inadikira isanafike m'manja mwathu.

Kodi mumadziwa kuti mayi amene ali pa K200 ali ndi buku limene amayankhulamo okha? Mayi Rose Chibambo anamwalira mu Januwale 2016, koma asanatisiye anakhala pansi kucheza ndi Timwa Lipenga, mphunzitsi wa ku yunivesite ku Zomba. Machezawo ndiwo anabala buku la Lomathinda: Rose Chibambo Speaks, limene kampani ya Logos Open Culture inatulutsa mu 2019. Lomathinda ndi dzina lawo lakumudzi, ndipo limanena za mwana wolanditsidwa kumanda. Mayiwa atsamunda anawatsekera mu 1959 ali ndi khanda longobadwa kumene. Pambuyo pa kusamvana kwa nduna ndi Kamuzu mu 1964 anathawira ku Zambia, komwe anakhala zaka pafupifupi 30. Ndalama yokhala ndi nkhope yawo timaipinda tsiku ndi tsiku pogula tomato ndi bonya. Machezawo akanachedwa ndi zaka zochepa chabe, bwenzi tili ndi nkhope yokhayo, mawu atapita.

Nanga mumadziwa kuti munthu amene analemba buku lalikulu la moyo wa Vladimir Putin anayambira pa Kamuzu? Philip Short, mtolankhani wa ku Britain, anagwirapo ntchito kuno ali mnyamata, ndipo buku lake loyamba, la mutu wakuti Banda, linatuluka mu 1974. M'Malawi silinaloledwe. Atachoka apo analemba za Mao Zedong wa ku China, za Pol Pot wa ku Cambodia, ndipo mu 2022 anatulutsa la Putin.

Kodi mumadziwa kuti buku lina laposachedwa lonena za Nelson Mandela linatsamira pa zimene alonda a ndende ankamvetsera mobisa? Jonny Steinberg wa ku South Africa anatulutsa Winnie and Nelson mu 2023. Boma la tsankho linkajambula mawu Mandela akamacheza ndi alendo ake m'ndende, mkazi wake ndi ana ake omwe, ndipo zolembedwazo anazisunga Kobie Coetsee, yemwe anali nduna ya zachilungamo. Steinberg anaziwerenga n'kulemba za banjalo monga linalili, chikondi chake ndi mabala ake. Bukuli linapata mphoto ku America. Ine limandisautsa mtima ngakhale ndimalilemekeza. Zimene mwamuna ndi mkazi wake ananong'onezana ali m'masautso, wozimva anali mdani wawo, ndipo ife tikuziwerenga chifukwa cha mdaniyo. Wolemba mbiri ya munthu amanyamula katundu wolemera, ndipo ayenera kumudziwa kulemera kwake.

Kodi mumadziwa kuti pali buku limene linatuluka mwini wake atakana? Gabriel García Márquez wa ku Colombia anamwalira mu 2014 atanena kuti nthano yake yomaliza iwonongedwe. Ana ake awiri anaisunga, ndipo anaitulutsa pa 6 Malichi 2024, tsiku lake lobadwa, ndi mutu wakuti En agosto nos vemos. Iwo anati matenda oiwala ndiwo anamulepheretsa bambo awo kuona ubwino wa zimene analemba. Kwathu kuno mawu a malemu sitisewera nawo, choncho nkhaniyi ikhoza kugawa bwalo pakati.

Tibwere ku mbiri yakale. Kodi mumadziwa kuti limodzi mwa mabuku oyamba a Mmalawi onena za John Chilembwe linagona m'mafayilo zaka zoposa 30? George Simeon Mwase analilemba cha mu 1931 ndi 1932, koma linasindikizidwa mu 1967 ku America, Robert Rotberg atalikonza, ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die. Apo n'kuti buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, litatuluka kale ku Edinburgh mu 1958. Wolemba poyamba anamveka pambuyo. A D.D. Phiri, amene anatisiya mu 2019, anathera moyo wawo akulimbana ndi vuto lomweli. Analemba za Chilembwe, za Inkosi Gomani II, za James Sangala, za Charles Chinula, za Dunduzu Chisiza, ndiponso mbiri ya Malawi m'mabuku awiri, kuti ana a dziko lino amve za makolo awo kuchokera kwa mnzawo.

Kodi mumadziwa kuti buku la John McCracken, A History of Malawi, limene ophunzira ambiri a mbiri amalidalira, limayambira 1859 n'kulekezera 1966? Linatuluka mu 2012. Chaka cha 1859 ndi chimene David Livingstone anafika ku nyanja yathu, ndipo 1966 ndi pamene dziko linakhala lipabuliki. Za mipingo zili m'buku la Kenneth Ross ndi Klaus Fiedler, A Malawi Church History 1860–2020, ndipo ili linasindikizidwa konkuno ndi Mzuni Press ku Mzuzu. Zimenezi n'zofunika kuzitchula, pakuti buku losindikizidwa kunja likamafika kuno mtengo wake umakhala utakwera ndi ndege ndi kusintha kwa ndalama, moti mphunzitsi wa kusekondale amangolionera pa shelefu.

Mumadziwa kuti Chiyao chinali ndi buku la mbiri ya eni ake kale mu 1919? Analemba ndi wansembe wa Anglican, Yohanna Abdallah, ndipo mutu wake ndi Chiikala cha Wayao.

Kodi mumadziwa kuti Zeinab Badawi, mtolankhani wa BBC wobadwira ku Sudan, anayenda m'mayiko oposa 30 a mu Africa asanalembe An African History of Africa, limene linatuluka mu 2024? Cholinga chake chinali chakuti akatswiri a mbiri a mu Africa momwemo ndiwo ayankhule. Maziko ake ndi ntchito yaikulu ya UNESCO imene inayamba mu 1964 n'kubala poyamba mabuku 8 a mbiri ya Africa yense. Mabuku amenewo ndi ochindikala, oyenera m'laibulale ya yunivesite. Badawi anayesa kuika nkhaniyo m'buku limodzi loti munthu n'kuwerenga ali m'basi.

Nthano zopeka nazo zayamba kulowa m'munda wa mbiri, ndipo nthawi zina zimalima pamene akatswiri anasiya thengo. Kodi mumadziwa kuti Petina Gappah wa ku Zimbabwe analemba nthano yonse yokhudza anthu amene ananyamula mtembo wa Livingstone? Livingstone anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1873. Anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, anaumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa, n'kulinyamula miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ya mchere. Chuma anali Myao. M'buku la Gappah, Out of Darkness, Shining Light, la mu 2019, nkhaniyi akuifotokoza ndi anthu awiri: Halima, mayi wophika, ndi Jacob Wainwright, mnyamata wophunzira ku mishoni amene analemba mawu pa mtengo uja. Kusukulu tinaloweza dzina la wonyamulidwa. Onyamulawo, amene mapewa awo anatupa ndipo ena anafera m'njira, tinkangowatchula awiri okha, mwinanso osawatchula n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti Chimamanda Ngozi Adichie anakhala zaka 12 osatulutsa nthano yaitali? Americanah inatuluka mu 2013, ndipo Dream Count, nkhani ya amayi anayi, inabwera mu Malichi 2025.

Nanga za aneba athu? Namwali Serpell wa ku Zambia anapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020 ndi nthano yake yaitali yoyamba, The Old Drift, imene imayambira kufupi ndi mathithi a Victoria n'kukathera m'tsogolo. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe anafika pa ndime yomaliza ya mphoto ya Booker ndi mabuku ake onse awiri oyamba, mu 2013 ndi mu 2022, ndipo m'lachiwirilo, Glory, ochita ndale onse ndi nyama, monga m'nthano za agogo pamoto. Paulina Chiziane wa ku Mozambique analandira mphoto ya Camões mu 2021, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira. Kwathu kuno Stanley Onjezani Kenani anafika kawiri pa ndime yomaliza ya mphoto ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012, ndipo Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom, nthano ya Africa wa zaka mazana zikubwerazo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mfundo yotsatirayi ndiyo yandikhudza kwambiri. Kodi mumadziwa kuti mphoto ya International Booker ya 2025 inapita kwa mayi wolemba m'chiyankhulo cha kwawo, osati Chingerezi? Banu Mushtaq ndi loya wa m'chigawo cha Karnataka ku India, ndipo amalemba m'Chikannada. Nkhani zake zazifupi 12, zimene analemba pa zaka zoposa 30 zokhudza amayi ndi atsikana achisilamu a kwawoko, anazimasulira m'Chingerezi Deepa Bhasthi, ndi mutu wakuti Heart Lamp. Kanali koyamba kuti buku la nkhani zazifupi lipate mphotoyi. Ndalama yake, mapaundi 50,000, wolemba ndi womasulira amagawana pakatimpakati. Mayiyu sanasiye chiyankhulo cha kwawo kuti dziko limumve. Analembera anthu a pakhomo, ndipo akutali anabwera okha kudzera mwa womasulira. Ndikamva achinyamata athu akunena kuti kulemba m'Chichewa n'kudzitsekera m'khola, ndimafuna atamva za mayi ameneyu.

Ndipo njira imeneyi ife tinaidutsapo kale. Kodi mumadziwa kuti nthano ya Chichewa inapata mphoto ya mayiko ambiri mu 1933? Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani yotsata munthu kuyambira kubadwa mpaka imfa, n'kupambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi zikhalidwe za mu Africa. Chaka chotsatira, 1934, Cullen Young analimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi wasayansi wotchuka Julian Huxley. Nthara yemweyo ndiye anatipatsa Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Apo n'kuti Chinua Achebe ali kamwana ka zaka zitatu. Buku la Achebe, Things Fall Apart, linadzatuluka mu 1958, ndipo a Benedicto Wokomaatani Malunga analibweretsa m'Chichewa ndi mutu wakuti Chipasupasu.

Kodi mumadziwa kuti pamene Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, ankalandira mphoto ya Nobel mu 2021, anthu a kwawo analibe nthano yake yaitali ngakhale imodzi m'Chiswahili? Pambuyo pa mphotoyo Ida Hadjivayanis anamasulira Paradise kukhala Peponi, ndipo inasindikizidwa ndi Mkuki na Nyota ku Dar es Salaam. Gurnah anatulutsanso ina, Theft, mu 2025.

Chaka chomwecho, pa 28 Meyi 2025, Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya anamwalira. Mumadziwa kuti nthano yake yoyamba ya m'Chigikuyu anailemba pa mapepala a kuchimbudzi ali m'ndende ya Kamiti mu 1978? Ndende zabala mabuku ambiri, ndipo zathu sizinatsalire. A Sam Mpasu anatsekeredwa mu 1975 chifukwa cha nthano yawo, Nobody's Friend, ndipo atatuluka anadzalemba Political Prisoner 3/75. A Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, koma buku lofotokoza zaka zimenezo, And Crocodiles Are Hungry at Night, linatuluka mu 2011, patatha zaka 20. Mayi Vera Chirwa anatuluka m'ndende mu 1993, amuna awo a Orton atafera momwemo chaka cham'mbuyo, ndipo Fearless Fighter inabwera mu 2007. Chilonda chachikulu sichifulumira kuyankhula.

Kodi mumadziwa kuti mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa nthano yaitali anali Walije Gondwe? Love's Dilemma inatuluka mu 1985 m'gulu la mabuku a Pacesetters, aja tinkabwerekana m'mahositelo mpaka chikuto kuthothoka. Naye Upile Chisala, mtsikana wa ku Zomba, anayamba n'kudzisindikizira yekha ndakatulo zake, kenako kampani ya Andrews McMeel ya ku America inazitenga n'kuzitulutsanso mu 2019.

Mabuku a zaluso ndiwo amasowa kwambiri kwathu kuno, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: zithunzi zamitundu zimafuna pepala lolimba, losalala, ndi makina abwino, choncho buku limodzi limadya ndalama za mabuku angapo a mawu okhaokha. N'chifukwa chake ochepa amene alipo ndi ofunika kuwasamala ngati mbewu. Kodi mumadziwa kuti buku lalikulu la zithunzi za Gule Wamkulu linachokera ku Mua? Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, anathera zaka zambiri akulemba za zilombo, nyimbo zake ndi matanthauzo ake. Buku lawo, When Animals Sing and Spirits Dance, linatuluka mu 2012, patatha zaka 7 UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Ndinalitsegulapo kamodzi pamaso pa mkulu wina wa kwathu. Anayang'ana tsamba limodzi nthawi yaitali osayankhula, chala chili pa chithunzi, kenako anatchula dzina la chilombocho ndi mudzi umene anachionera komaliza ali mnyamata. Mawu a Chingerezi a m'munsi mwa chithunzicho sanawawerenge, ndipo sanawasowe. Pali ena amene amafunsa ngati za kudambwe zili zoyenera kulowa m'buku logulitsidwa kwa aliyense, ndipo funso limenelo si lopepuka. Eni mwambo ndiwo ayenera kukhala oyamba kuliyankha.

Kodi mumadziwa kuti zojambula zakale kwambiri za dziko lino zili pa miyala? Ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula za m'mapanga, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi nyau. Leslie Zubieta, wofufuza wochokera ku Mexico, analemba buku lonse lokhudza phanga limodzi lokha, la Mwana wa Chentcherere.

Nanga mumadziwa kuti wosema chiboliboli cha Chilembwe chimene chinaima pa Trafalgar Square ku London anayamba kudziwika ndi buku? Samson Kambalu anatulutsa The Jive Talker mu 2008, nkhani ya ubwana wake m'Malawi wa Kamuzu ndi ya bambo ake okonda mabuku. Chibolibolicho anachiika mu Seputembala 2022, ndipo anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 pamene Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukuza Chilembwe msinkhu kuposa mnzakeyo.

Kodi mumadziwa kuti buku limodzi la m'laibulale ya kumudzi linabala buku lina ndi filimu? William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka buku la Using Energy, n'kuona chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Anapanga ake ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Mu 2009 iye ndi Bryan Mealer anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaisandutsa filimu imene mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa. Kale izi zisanachitike, Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 atanyamula Baibulo ndi buku la John Bunyan, n'kuyenda makilomita opitirira 3,000 mpaka ku Khartoum pofuna sukulu ku America. Ulendowo uli mu I Will Try, la mu 1965.

Tibwerere ku timalemba ta kuseri kwa tsamba la mutu tija. Kodi mumadziwa kuti nambala ya ISBN imakuuzani kwawo kwa buku? Kuyambira 2007 nambalayi imakhala ndi manambala 13. Mukaona kuti pambuyo pa 978 pakubwera 99908 kapena 99960, dziwani kuti bukulo linalembetsedwa ku Malawi. Manambalawa amaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti aliyense wosindikiza buku m'dziko muno apereke kope kumeneko kuti lisungidwe.

Masiku apitawa ndinaima pa khonde la sitolo ina m'tauni pamene mnyamata amayala mabuku pa saka: a masamu a Fomu 4, a maphunziro a zaunamwino, a momwe munthu angalemerere, ndi nthano zachikondi zakunja zopindika m'makona. Ndinagwada n'kuyamba kutembenuza limodzilimodzi kufuna 99908. Pansi penipeni ndinapeza Njala Bwana la a Willie Zingani, chikuto chitamatidwa ndi selotepi, m'kati muli mayina a eni ake atatu, lililonse lolembedwa ndi inki yosiyana. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati a Chichewa amabwera kawirikawiri. Anati akabwera sagona, makolo amawatenga tsiku lomwelo. Ndinalipira mtengo umene ananena osanenerera, ndipo madzulo ake ndinalikuta ndi pepala la khaki.